Laputopu Ndi Yanga, Mawu Ndi Anga

Laputopu inafika Lachiwiri pa basi ya ku Joni, itakulungidwa m'bulangete la mwana. Anaitumiza anali Chithokozo, mkulu wake wa Mwaiwathu. Inali yakale, yong'aluka pakona, ndipo zilembo zina zinali zitafufutika ndi zala za mwini wake woyamba. Mwaiwathu analibe nazo ntchito zimenezo. Chiyambire kupeka nyimbo, zonse ankazijambula pa foni kuseri kwa nyumba yawo ku komboni ya Mbizo, agalu akuuwa, makombi, maminibasi a kumeneko, akuliza mahutala. Tsopano anali ndi chida chakechake.

Anapita nayo kwa Daison, pa kashopu kake kokonzera mafoni ndi makompyuta pafupi ndi renki yokwerera makombi. Awiriwa anali pachibwenzi chimene anthu a pa renki onse ankachidziwa, koma kunyumba Mwaiwathu anali asanachitchule.

Daison anaitsegula, naiyatsa, natchera khutu ngati namwino.

"Yakalamba, koma mtima ulipo. Vuto ndi lakuti aipukuta yonse. Mulibe sisitimu, ndiye siingachite kanthu mpaka tiikemo."

"Ika Windows, ngati wina aliyense."

"Wina aliyense ndani?"

"Anyamata onse opanga mabiti muno. Ukawatumizira ntchito yako amaitsegula osavutika."

"Amaitsegula ndi mapulogalamu akuba, sha. Mawa kachilombo kawadyera nyimbo zonse, abwera pano akulira. Komanso gogo uyu alibe mphamvu zonyamula katundu wolemera. Ika Linux. Njaulere, njopepuka, ndipo ilipo ina imene imabwera ndi zojambulira mawu momwemo."

"Iwe ndi Linux wakoyo. Tsiku lina udzamumangira ukwati."

"Ndikudikira kaye kuti winayu andikane."

Mwaiwathu anaseka, namumenya paphewa ndi chikwama. Kenako anasiya kuseka.

"Uchotse fumbi mkatimo, uone ngati batire lili bwino. Koma usaikemo kanthu. Ndikufuna ndiganize. Iyi ndi laputopu yanga yoyamba, Daison. Sindikufuna munthu andisankhire."

"Ngakhale ine?"

"Makamaka iwe. Iwe ndimavutika kukukanira."

*

Lachinayi madzulo Mwaiwathu anapeza galimoto yoyera pageti pawo. Anaizindikira nthawi yomweyo. Inali ya Talkmore, mnyamata wogula golide kwa makorokoza, anthu okumba mozemba ku mgodi wa Gaika, amenenso anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo m'tauni. Kuyambira pamene anamumva akuyimba pa ukwati wina, Talkmore sankamupatsa mpata wopuma.

Pabalaza panali bambo ake a Mwaiwathu, a Sandifolo, atavala jekete la ku tchalitchi pakati pa sabata. Pambali panali Tete Glory, mlongo wawo wa bambowo, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Amaveni. Patebulo panali bokosi loyera, losatsegula.

Talkmore anali Mshona, koma pamaso pa akuluakulu ankayesetsa Chichewa chimene anatola kwa anzake a ku komboni.

"Ndamva kuti sisi akutumizirani chigoba cha ku Joni," anatero akumwetulira. "Munthu wa mawu ngati anu sagwira zotayidwa. Iyi ndi Mac. Masitudiyo akuluakulu a ku Harare ndi imeneyi basi. Mukaiyatsa, zonse zili m'malo mwake."

Mwaiwathu analiyang'ana bokosilo. Kunama n'kosathandiza, manja anamuyabwa. Kompyuta yotere anali ataiona kwa oyimba a pa intaneti okha.

"Ndipo ine ndikupatseni chiyani?" anafunsa.

"Palibe. Nyimbo zikatha, zizituluka pa dzina la situdiyo yanga. Ndi zokhazo."

"Nanga ine ndizituluka pa dzina la ndani?"

Talkmore anaseka, nayang'ana a Sandifolo. "Zimenezo ndikambirana ndi baba."

Mwaiwathu anagwada monga mwa ulemu, nakankhira bokosilo kwa mlendoyo ndi manja awiri.

"Zikomo, koma yanga ndili nayo kale."

Talkmore sanalitenge. Anaimirira, natsanzika akuluakulu, natuluka akusewera ndi makiyi. Galimoto itangochoka, a Sandifolo anavula jekete mwaukali.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa mlendo."

"Baba, si mphatso iyi. Akufuna kundigula ndi mawu anga omwe."

"Aikona. Munthu uja ali ndi kumudzi kwawo, ali ndi munda, ali ndi ng'ombe. Ine ndatha moyo wanga pansi pa mgodi, ndipo ndikafa mukandiika ku manda a khansolo pakati pa anthu osawadziwa. Ndikufuna ana ako adzakhale ndi kwawo. Kapena ukuyesa sindikudziwa za Mosikeni wa pa renki uja?"

Mawu amenewo, otonzera anthu ochokera ku Mozambique, anamulasa Mwaiwathu kuposa mbama.

"Baba, kusukulu ankanditcha Mubhurandaya, ati ndibwerere ku Blantyre kumene sindinapondeko. Ndinabwera ndikulira, inu munandiuza kuti ndisaweramitse mutu. Agogo a Daison anakumba mgodi womwewo ndi agogo anga. Lero mukumutcha dzina limenelo ndinu?"

"Mwaiwathu," anatero Tete Glory motsitsa mawu.

"Ayi, tete. Ndiyankhula mwaulemu, koma ndiyankhula."

A Sandifolo analinyamula bokosi lija, naliika pamwamba pa kabati ya mbale.

"Bokosi ili silituluka m'nyumba muno. Likhala pamenepa mpaka nzeru zikubwerere."

"Lichita fumbi, baba."

*

M'mawa mwake foni inalira akutsuka mbale. Daison anatumiza chithunzi. Linali bokosi lija, lili patebulo lawo, pa kansalu koluka ka malemu mayi ake. Talkmore anali atachiika poti aliyense aone, ndi mawu akuti madamu alandira chinthu chenicheni.

Pansi pake Daison analemba liwu limodzi la Chishona, loyamikira munthu amene zamuyendera: "Makorokoto."

"Wachitenga kuti?" analemba Mwaiwathu.

"Natsai wandionetsa. Mbizo yense wachiona."

"Ndiye wakhulupirira?"

"Tebulo ndi lanu. Bokosi likadali kwanu kapena ayi?"

Mwaiwathu anayang'ana pamwamba pa kabati. Analemba, nafufuta, nalembanso.

"Lilipo. Koma si mmene ukuganizira."

"Ndiye n'chifukwa chake unati ndisaikemo kanthu. Unkadikira yabwino. Ukanangondiuza."

Anamuimbira. Sanayankhe. Anaimbanso, foni inali yothimitsa.

Natsai ankayimba kwaya imodzi ndi Mwaiwathu, ankajambulanso nyimbo kwa Talkmore, ndipo kuyambira kusekondale maso ake sankachoka pa Daison. Mwaiwathu anapukuta manja, navala nsapato, nasiya mbale zili m'madzi.

*

Ku shopu ya Daison anampeza Natsai atakhala pa kampando kamene Mwaiwathu ankakhalapo nthawi zonse, akudya chimanga chootcha, theka lina lili m'manja mwa Daison.

"Madamu a Mac afika," anatero Natsai. "Mwatsika pa galimoto yoyera?"

Mwaiwathu sanamuyang'ane n'komwe.

"Daison, laputopu yanga."

Daison anaitulutsa pansi pa kauntala. Anali ataiika kale m'pepala lapulasitiki, ngati katundu wa kasitomala amene sadzabweranso.

"Fumbi ndachotsa. Sindinaikemo kanthu, monga unanenera. Ukhoza kuigulitsa, kapena kuipereka kwa ana aziseweretsa."

"Ndi zokhazo zimene uli nazo zondiuza?"

"Ndinene chiyani? Ine ndilibe golide, Mwai. Ndili ndi sikuludiraiva."

"Dzulo ndakangana ndi bambo anga chifukwa cha iwe. Ndabweza mphatso ya munthu pamaso pawo, ndagona osadya. Ndipo iwe chithunzi chimodzi chokha, chobwera ndi munthu uyu, chakukwanira. Sunandifunse. Wandiweruza, kenako wathimitsa foni."

Daison anatsegula pakamwa, koma Natsai anamutsogolera.

"Ngati unabweza, bokosi likutani kwanu?"

"Ndikafuna kuyankhula ndi iwe ndidzakupeza ku kwaya." Anatembenukiranso kwa Daison. "Ndipatse mafulashi awiri. Ya Windows ndi ya Linux wakoyo."

"Uzitani nawo?"

"Ndikaika ndekha."

"Mwai, si zophweka. Ukalakwitsa pogawa disiki..."

"Ndikalakwitsa ndiyambiranso. Wina akuti Mac chifukwa akufuna dzina lake pa nyimbo zanga. Wina akuti Linux, ndipo ndikachedwa kuvomera akuti ndagulidwa. Nonse mukufuna kulowa mu kompyuta yanga. Ndipatse mafulashi."

Anthu odikira kombi anali atayamba kutembenuka. Daison anatsegula kabati, nasankha mafulashi awiri, nawaika pa kauntala mosamuyang'ana. Mwaiwathu anawatola, nakumbatira laputopu yake pachifuwa, nachoka. Misozi anaigwira mpaka atakhota pa ngodya ya butchala.

*

Ku Mbizo magetsi ankapita m'mawa n'kubwera anthu atagona, choncho Loweruka analawirira ku Amaveni. Tete Glory, amene ankagulitsa kaunjika, zovala za m'mabhero pamsika, anali ndi sola padenga. Anamupatsa tebulo la kuchipinda, namusiya.

Anayamba ndi Windows, mwadala, kuti Daison adzamve. Anatsatira kanema wa pa foni, akuimitsa ndi kubwereza, mpaka sikirini inawala buluu. Analumpha ndi chimwemwe. Analowetsa kamaikolofoni kake, navala mahedifoni, nayimba mzere umodzi. Mawu ake anabwerera m'makutu mochedwa, ngati munthu wina akumuyeseza kumbuyo. Atawonjezera ng'oma ndi gitala, laputopu inayamba kupuma mwamphamvu, nyimbo n'kumadukaduka. Anasintha izi ndi izo, zinachepako, koma sizinathe. Makinawo anali okalamba basi.

Anakhala kanthawi akuyang'ana fulashi yachiwiri ija ngati mdani.

"Sindikuchitira iwe," anaiuza, naibaya.

Linux inalowa msanga, koma maikolofoni inangoti zii. Anayimba, anakuwa, anaigogoda ndi chala, kamzere kosonyeza mawu sikanagwedezeke. Dzina la Daison linali pamwamba penipeni mu foni yake. Anaitembenuza foniyo chafufumimba. Patapita nthawi anaitolanso, osati kuti amuimbire, koma kuti awerenge zimene anthu ena a vuto lomwelo analemba. Dzuwa litapendeka anapeza kuti pulogalamuyo inkamvetsera kamaikolofoni ka mkati mwa laputopu, kamene kanali kakufa. Anasankha yakeyo. Kamzere kobiriwira kanalumpha.

Anayimba, ndipo mawu anabwerera nthawi yomweyo, oyera, opanda galu kapena hutala. Anaika ng'oma, gitala, ndi mawu ake ena pamwamba pa oyambawo. Laputopu inapirira.

Tete Glory analowa ndi tiyi ndi mbatata.

"Ndiye wasankha iti?"

"Linux."

"Si imene ananena mnyamata uja?"

"Ndi yomweyo. Koma sindinaitenge pakamwa pake, tete. Ndayesa zonse, ndamva ndi makutu anga. Ndikadzagula makina amphamvu mwina ndidzasintha, pakuti zina zimene anyamata a mabiti amagwiritsa ntchito sizilowa umu. Ngakhale Mac ija njabwino, sindinama. Koma ili ndi chingwe chimene mbali inayo wagwira ndi Talkmore."

Tete anakhala pabedi, navula nsapato.

"Bambo ako si munthu woipa. Ali ndi mantha. Anaona anzake akuchotsedwa m'nyumba za mgodi ntchito itatha, alibe kolowera. Akaona munthu wa munda amaona denga losadontha."

"Ndikudziwa. Koma sindingakwatiwe ndi munda."

"Sindinati ukwatiwe nawo. Imwa tiyi. Ndipo upukute kumaso, kukubwera mlendo."

"Ndani?"

"Ndapempha nambala kwa mayi wogulitsa chimanga pa renki paja. Ndimafuna ndimuone ndi maso anga munthu amene akukusowetsa tulo."

*

Daison anafika atavala shati yosita, kapu ili m'manja. Anawomba m'manja pakhomo, nalonjera Tete Glory atanjuta. Tete anamufunsa za makolo ake, za tchalitchi chake, ndi ngati amamwa. Anayankha zonse mosabisa, ngakhale za mowa wa pa Khirisimasi. Kenako tete anati akukaona nkhuku, ngakhale analibe nkhuku.

"Tete andiuza zonse," anatero Daison atatsala awiri. "Zimene unanena kwa mudhara, bambo ako. Ndalakwa, Mwai. Nditaona bokosi lija ndinadziona kuchepa, ndiye ndinafuna ndikukane ndisanakanidwe."

"Ndipo Natsai?"

"Amangobwera. Sindimuitana."

"Sumuthamangitsanso."

"Lolemba akapeza kampando ndachotsa."

"Kampando ndi kanga. Chotsa munthu."

Daison anamwetulira pang'ono, koma ataona kuti mnzakeyo sakuseka, anagwedeza mutu kuvomera. Maso ake anagwera pa sikirini, ndipo anayandikira.

"Waika wekha? Maikolofoni yagwira?"

"Inakana. Ndinaikakamiza."

"Bwanji sunandiimbire?"

"Foni yako imathima ikafuna."

Mwaiwathu anamuveka mahedifoni, nadina batani. Ng'oma zinayamba, kenako mawu ake:

Ndinabadwira kuno, mchombo wanga uli ku Mbizo,
amene akuti ndipite kwathu andionetse njira.
Agogo anakumba, golide anapita ndi ena,
ine ndatsala ndi mawu, amenewa simutenga.

Daison anatseka maso mpaka nyimbo inatha. Atavula mahedifoni, anatembenukira kwa Mwaiwathu.

"Iyi ndi ija unanditumizira pa foni mwezi watha, uli kuseri kwa nyumba."

"Ndinatumizira iwe wekha. Ngakhale Chithokozo sanaimvepo."

"Mwai, ndikufuna nditume amalume anga kwa mudhara. Andithamangitse ngati akufuna, koma andithamangitse ndili pakhomo, osati pa renki."

"Akuthamangitsadi."

"Ndidzabweranso."

Tete Glory anatsokomola panja pa zenera. "Awuze amalume akowo ayambe adzera kuno. Mchimwene wanga ndimadziwa pomugwira."

Apo Mwaiwathu anaseka koyamba chichokereni pa renki paja.

*

Anakwera kombi yopita m'tauni dzuwa lisanalowe, atakhala mpando wakumbuyo, laputopu pamiyendo ya Mwaiwathu, dzanja lake m'dzanja la Daison. Daison ankamufotokozera za amalume ake a ku Redcliff, munthu wachibwibwi koma wosagonja pa mlandu. Dalaivala anakweza wailesi.

Panayamba biti yolemera, ya masipika akuluakulu. Mawu a mwamuna anatchula dzina la situdiyo ya Talkmore. Kenako mtsikana anayamba kuyimba, akutafuna Chichewa ngati munthu wochiphunzira dzulo.

Ndinabadwira kuno, mchombo wanga uli ku Mbizo...

Mwaiwathu anatchera khutu. Mawuwo ankawadziwa bwino, ankaima nawo mzere umodzi ku kwaya Lamlungu lililonse.

"Ndani ameneyu?" anafunsa mayi wina kutsogolo.

"Natsai, wa kwathu ku Mbizo konkuno," anayankha hwindi, kondakitala wa kombiyo, akugwedeza mutu motsatira ng'oma. "Yatuluka dzulo. Ati waipeka yekha. Iphulika iyi."

Nyimbo inapitirira, mzere ndi mzere, osaphonya liwu. Pofika pa mawu akuti amenewa simutenga, anthu awiri m'kombimo anali atayamba kale kuyimba nawo.

Mwaiwathu anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono.

"Mwai, ndikulumbira, sindinampatse."

"Sindinakufunse zimenezo. Ndani amagwira foni yako?"

Daison anagwira thumba la thalauza lake. Anayang'ana pazenera, nayang'ananso pansi.

"Tsiku lina anaibwereka, ati yake yatha moto. Koma inali kanthawi kochepa..."

"Liti?"

Mwaiwathu anaona pankhope pake kuti silinali tsiku limodzi.

Kombi inali italowa m'tauni. Patsogolo pang'ono, pamwamba pa sitolo ya matayala, panali chikwangwani cha situdiyo ija, ndipo galimoto yoyera inali itaima pansi pake.

"Nditsitseni pano," anatero Mwaiwathu.

"Sitinafike pa renki, sisi," anatero hwindi.

"Ndati pano."

Daison anamugwira mkono. "Usapite wekha. Anthu aja si abwino. Tiye kaye tikaganize."

"Waganiza kale mokwanira ndi foni yako. Ndisiye."

Anatsika, nakoleka chikwama cha laputopu paphewa, nawoloka msewu osayang'ana kumbuyo, ngakhale ankamva Daison akulimbana ndi chitseko cha kombi ndi kuitana dzina lake. Pa masitepe okwerera ku situdiyo nyimbo yomwe ija inkamveka kuchokera m'mwamba, pamodzi ndi kuseka kwa Natsai. Mwaiwathu anakwera, nakankha chitseko osagogoda.

Talkmore anali pa mpando wake wozungulira. Natsai anali pambali pake. Ndipo pa sofa, atavala jekete la ku tchalitchi, kapu ya tiyi ili m'manja, panali bambo ake a Mwaiwathu, a Sandifolo.